Mfuti yoyamba yowombera timbale touluka: over-and-under kapena semi-auto?

Kambale25 walemba:

Moni nonse akuluakulu. Ndikufuna kugula chifefe changa choyamba chowombera timbale touluka, ndileke kumangobwereka mfuti ya pakalabu. Za laisensi ndi kosungira ndakonza kale. Masewero amene ndikufuna kwenikweni ndi sporting, koma skeet ndi trap ndikufuna ndizilawako mwa apo ndi apo, ndipo ndalama zilipo za mfuti imodzi yokha basi.

Ndiye ndithandizeni. Ndigule ya mipope iwiri yosanjikiza, over-and-under ija, kapena semi-auto, ya mpope umodzi yodziikira yokha chipolopolo china ikalira? Mpope ukhale wa mainchesi 28, 30 kapena 32? Ena akuti ndiyambe ndi 20 bore, ya boŵo la mpope locheperapo, poti siikankha kwambiri, ena akuti 12 bore basi. Nkhani ya choke nayo yandizunguza mutu. Ndimawombera ndi dzanja lamanja, msinkhu wanga ndi wapakatikati.

MipopeIwiri wayankha:

Achimwene, mwachita bwino kutchula masewero amene mukufuna, chifukwa yankho lonse lagona pamenepo. Kambale wamba n'kofanana kulikonse, mamilimita 110 m'mimba mwake, kulemera pafupifupi magalamu 105, koma kaulukidwe kake ndiko kamasiyana. Pa trap kamatulukira kutsogolo kwanu n'kumathawa chokwera. Pa Olympic trap makina amakhala m'dzenje mamita 15 kuchokera pamene mwaima, ndipo kambale kamakatera pa mamita 76, choncho pamene muzikhethemula kamakhala kafika kale pa mamita 30 kapena 35 koma kakukwerabe. N'chifukwa chake mfuti ya trap imakhala yolemera, ya mipope yaitali, choke (kuthina kwa mpope kunsonga) yothina kwambiri, ndi stock (thabwa la kuphewa) yokwera kuti machaka azigunda pamwamba pa pamene mwaloza: magawo 70 mwa 100 pamwamba, 30 pansi, zina kuposa apo. Pa skeet kambale kamadutsa chopingasa kuchokera m'tinyumba tiwiri, kapamwamba ndi kapansi, ndipo mumakaswa pafupi, mamita 20 kapena kucheperapo. Pamenepo pamafunika machaka omwazika msanga. Sporting imasakaniza zonse: kobwera, kothawa, kogwa, kogubuduka pansi kamene amati rabbit, tating'ono ta mamilimita 90 ndi ta mamilimita 60.

Pa zimene mwanenazi, gulani over-and-under ya 12 bore, mtundu wa sporter, mipope ya mainchesi 30, yokhala ndi machoke osintha, kulemera pakati pa makilogalamu 3.4 ndi 3.8. Imeneyo iwombera sporting bwinobwino, skeet mosavuta, ndipo pa trap siikuchititsani manyazi. Koma mukatembenuza zinthu n'kugula mfuti ya trap kuti muziwombera nayo sporting, muzivutika ndi timbale togwa ndi togubuduka, chifukwa mfutiyo anaipanga kuti izigunda pamwamba, ndiye machaka azidutsa pamsana pa kambale inu mukuona ngati mwaloza bwino.

Chimene over-and-under yakhalira mfuti ya ambiri pa timbale n'chakuti mipope iwiri ndi machoke awiri. Pa sporting nthawi zambiri timbale timabwera tiwiritiwiri, kena pafupi kena patali, ndipo mutha kuika choke yosathina kwambiri mumpope umodzi, yothina mu winawo. Pa batani la sefite pamakhala chosankhira mpope woyamba kulira. Zoloŵerani kuyamba ndi wapansi. Mpope wapansi uli pamzere umodzi ndi phewa, choncho mfuti imakankha chobwerera m'mbuyo osadumphira m'mwamba kwambiri, ndipo kambale kachiŵiri mumakapeza msanga. Chachiŵiri, ikathyoledwa aliyense pabwalo amaona ndi maso kuti ilibe kanthu, ndipo inu mumatha kusuzumira m'mipope musanaikemo zipolopolo. Chimenechi musachipeputse: chipolopolo chofooka chimatha kusiya pulasitiki yake ija mumpope, ndipo kuwombera china pambuyo pake kumatupitsa kapena kuphulitsa mpope. Chachitatu, siisankha zipolopolo. Za magalamu 21, 24 kapena 28, zonse imalira nazo.

Chenjerani ndi over-and-under yopangira kusaka, imene amati game gun kapena field. Pamaso imafanana ndi sporter, ndipo nthawi zambiri imakhala yotsikirapo mtengo, koma imalemera makilogalamu 3 kapena kungopitirira pang'ono chifukwa anaipangira munthu woyenda nayo tsiku lonse n'kuwombera kangapo chabe. Inu muziwombera zipolopolo 50 kapena 100 motsatizana. Mfuti yopepuka ikumenyani tsaya ndi phewa, ndipo thupi limayamba kudzidzimuka lokha musanakhethemule. Chizoloŵezi chimenecho chikakhazikika chimavuta kuchotsa. Zambiri za kusaka zimabwezeranso sefite zokha mukangothyola mfuti, ndipo pa timbale zimenezo zimangokutayitsani kambale mukaiŵala kuikankha.

Za utali wa mpope: mpope wautali sutanthauza kuti machaka apita patali, kusiyana kwa liŵiro pakati pa mainchesi 28 ndi 32 n'kochepa kwambiri. Chimene chimasintha ndi kayendedwe ka mfuti m'manja. Wa 32 umachedwa kuyamba koma ukayamba suima wamba, zimene zimathandiza pa timbale takutali. Wa 28 umatembenuka msanga komanso umaima msanga, ndipo kuimitsa mfuti panthawi yokhethemula ndiko kumaphonyetsa oyamba kumene ambiri, machaka n'kudutsa kumbuyo kwa kambale. Wa 30 uli pakati. Musangodalira nambala, chifukwa mipope ina ya 32 ndi yopepuka kuposa ina ya 30. Ikani mfuti yopanda chipolopolo pachala pafupi ndi pothyokera: ikakhazikika pamenepo kapena patsogolo pang'ono, ili bwino.

Pump ndi side-by-side zisiyeni. Pump imafuna muzikoka thabwa lakutsogolo pakati pa kambale koyamba ndi kachiŵiri, ndipo malamulo a ISSF, bungwe la dziko lonse la masewero owombera, saiilola n'komwe. Side-by-side, ya mipope iwiri yogundizana cham'mbali, imatentha kudzanja lakutsogolo ndipo mipope yake yotambalala imabisa kambale kokwera.

Mukafuna maina oyambira kuyang'ana: Beretta 686 Silver Pigeon ya sporting, Browning B525 kapena Citori, ndi Miroku MK38 kapena MK70 ya sporter. Zonsezi n'zodziŵika kuti zimapirira zipolopolo zambirimbiri ndipo zipangizo zake zimapezeka. M'manja zimamveka mosiyana: thupi la Beretta ndi lalifupi chotsika, la Browning ndi Miroku ndi lakuya chifukwa chotsekera chake chili pansi pa mipope. Palibe yoposa inzake pamenepa, nyamulani zonse muone yokukhalani. Perazzi, Krieghoff K-80 ndi Beretta DT11 ndi za mtsogolo.

GasiNdiPisitoni wayankha:

Zambiri zimene akuluwa anenazi ndikugwirizana nazo, koma semi-auto aidumpha ngati kulibe, pamene wofunsayo waitchula. Ndalama zikakhala zochepa, semi-auto yabwino imaposa over-and-under yotchipa. Over-and-under ndi yovuta kupanga: mipope iwiri iyenera kulumikizidwa kuti yonse izigunda malo amodzi, ndipo pa zotsika mtengo kwambiri zimachitika kuti wapansi ukugunda apa, wapamwamba masentimita 20 kumbali. Vuto limenelo stock siingakonze. Semi-auto ili ndi mpope umodzi, nkhani imeneyo palibe.

Koma dziŵani kuti ma semi-auto alipo a mitundu iwiri, ndipo pa timbale kusiyana kwake n'kwakukulu. Ya gasi, monga Beretta A300 ndi A400 kapena Remington 1100 yakale ija imene inatuluka mu 1963, ili ndi timaboŵo pansi pa mpope. Mpweya wa wonga umadutsa pamenepo n'kukankha pisitoni, pisitoni n'kubweza bolt (chitsulo chotseka kumbuyo kwa mpope), khoko n'kutuluka, chipolopolo china n'kuloŵa. Mphamvu yokankha imagaŵika pa kanthawi kotalikirapo, ndiye paphewa imamveka yofeŵa kuposa mfuti ina iliyonse ya kulemera kofanana. Kwa munthu wa phewa kapena khosi lovuta, imeneyi ndiyo mfuti. Mtengo wake ndi ntchito yotsuka: mwaye umaunjikana pa pisitoni, pa chubu cha magazini ndi m'timaboŵo tija, ndipo ukachuluka mfuti imayamba kusiya khoko litapanikizika pakhomo. Pakatha zipolopolo mazana angapo masulani, palani mwayewo, ndipo mafuta muike ochepa monga buku la mfutiyo likunenera, chifukwa mafuta ambiri akasakanikirana ndi mwaye amasanduka phala louma.

Ya inertia, imene Benelli imadziŵika nayo, ilibe pisitoni. M'kati mwa bolt muli sipuling'i yolimba imene imafinyika mfuti ikamabwerera m'mbuyo, kenako n'kutulutsa mphamvu yotsegulira. Imakhala yaukhondo ndi yopepuka, koma imadalira kukankha komweko kuti igwire ntchito. Mukaipatsa zipolopolo zofeŵa za magalamu 21 kapena 24, kapena mukaiwonjezera zolemetsa, imatha kulephera kutulutsa khoko. Ndipo imakankha kuposa ya gasi. Pa timbale, ngati ndi semi-auto, ikhale ya gasi, ndipo musanalipire funsani kuti imayenda ndi zipolopolo zopepuka kufika pati.

Ubwino wina: zambiri zimabwera ndi timapuleti toika pakati pa stock ndi thupi la mfuti, tosinthira kutsika ndi kupendekeka kwa stock. Ntchito imene pa over-and-under imafuna mmisiri, apa mumaichita nokha ndi sipanala. Pa utali, thupi la semi-auto limawonjezera mainchesi 3 kapena 4, choncho mpope wa 28 umafanana ndi over-and-under ya 31 kapena 32. Wa 28 ndi wokwanira.

Zovuta zake ndisakubisireni. Choke ndi imodzi pa timbale tonse tiŵiri. Makoko imataya kumanja, ndipo pa trap, pamene anthu amaima pamzere moyandikana, amakagunda mnzanu kapena mfuti yake. Pamafunika kachitsulo kogwira khoko. Muyeneranso kuŵerama kutola makoko mukamaliza. Siithyoka, ndiye poyenda nayo bolt izikhala yotsegula, kambendera ka pulasitiki kali m'chamber (mokhala chipolopolo), mpope utaloza kumwamba kapena mmene bwalolo likulamulira. Ndipo ngakhale magazini ingatenge zambiri, pa timbale mumaika ziŵiri zokha, mutaima kale pamalo owomberapo.

DisoNdiTsaya wayankha:

Bambo, onse aŵiri akuuzani zoona, koma mfuti iliyonse mwa zimenezi idzaphonya ngati siikukukwanani. Chifefe chilibe choyang'anira chakumbuyo ngati raifolo. Diso lanu ndilo choyang'anira chakumbuyo, ndipo chimene chimaika disolo pamalo pake ndi stock. Stock ikalakwika ndi mamilimita ochepa, machaka amalakwika ndi masentimita ambiri kumene kuli kambale.

Yambani ndi maso musanapite kogula. Mwati mumawombera ndi dzanja lamanja, koma simunanene diso lolamulira. Tambasulani manja onse, pangani kaboŵo pakati pa zikhatho, yang'anani chinthu chakutali kudzera pamenepo maso onse ali otsegula, kenako bweretsani manjawo kumaso pang'onopang'ono osachotsa chinthucho pakaboŵo. Diso limene manja afikirepo ndilo lolamulira. Likakhala lamanzere inu mukuika mfuti paphewa lamanja, muziphonya chakumanzere nthawi zonse, ndipo palibe choke kapena mfuti yodula imene ingathetse zimenezo. Njira zilipo zitatu: kuphunzira kuwombera ndi phewa lamanzere, zimene woyamba kumene savutika nazo kwambiri, kumata kachidutswa ka tepi yosaonekera bwino pagalasi lamanzere la magalasi otetezera maso, pamalo obisa nsonga ya mpope yokha, kapena kutsinzina lamanzere panthawi yomaliza. Mukasankha phewa lamanzere, ndiye kuti mukufuna stock ya amanzere, choncho nkhaniyi ithe musanatulutse ndalama.

Miyezo ya stock ilipo itatu yofunika. Woyamba ndi utali kuchokera pa trigger, chokhethemulira chija, kufika pa rabala ya kuphewa. Mfuti zambiri zimachoka kufakitale ndi masentimita 36 mpaka 37.5. Kuyeza poika stock pa chigongono sikuthandiza kwenikweni. Valani chovala chimene muziwombera nacho, kwezani mfuti yopanda chipolopolo, ndipo mnzanu aone mpata pakati pa mphuno yanu ndi chala chachikulu cha dzanja logwira: pakhale zala ziŵiri kapena zitatu. Yaifupi kwambiri, chala chimenya mphuno ikalira. Yaitali kwambiri, imakodwa m'khwapa pokweza ndipo imakhala pamkono m'malo mwa pathumba la phewa, n'kusiya zipsera.

Wachiŵiri ndi kutsika kwa pamene tsaya limagona, poyerekeza ndi mzere wa pamwamba pa mpope umene amati rib. Pa sporter kutsogolo kumakhala pafupifupi mamilimita 35 mpaka 38, kumbuyo 50 mpaka 60. Tsaya litagona molimba, diso liziona rib pang'ono ngati kanjira kokwera, kamkanda ka kunsonga kakuoneka bwino. Mukaona rib yambiri, mfuti igunda pamwamba. Mukapanda kuiona konse n'kumangoona msana wa chitsulo, stock yatsika kwambiri, ndipo vutoli ndilo loipa koposa: diso lamanja labisika, lamanzere limalanda ntchito, kapena mumadzutsa mutu kuti muone kambale, tsaya n'kuchoka pathabwa, mfuti n'kukumenyani. Kukwera pang'ono kuli bwino kusiyana ndi kutsika. Dziŵaninso kuti pa stock yotsetsereka, mukawonjezera utali nkhope imabwerera m'mbuyo pamene pali potsika, choncho kusintha umodzi kumasinthanso unzake. Yambani ndi utali.

Wachitatu ndi kupendekeka kwa stock chakumbali, cast. Ya wamanja imapendekera kumanja mamilimita ochepa kuti diso ligwere pakati pa rib popanda kupinda khosi. Wa nkhope yotambalala kapena chifuŵa chachikulu amafuna yochulukirapo.

Poyesa, pitani pa chitsulo choyesera chimene mabwalo ambiri ali nacho, kapena pepala lalikulu pamalo ololedwa. Jambulani kadontho pakati, imani mayadi 16, amene ndi mamita 14.6, ikani choke yothina, ndipo wombani kasanu mukukweza mfuti mwachibadwa, osatsinzina kapena kukonza ngati raifolo. Onani pamene pakati pa machaka onse pagwera. Mtunda umenewu anausankha dala: kuchokera padiso kufika kunsonga ya mpope ndi pafupifupi yadi imodzi, ndiye mamilimita 16 aliwonse amene mwaphonya pachitsulo ndi milimita imodzi pa stock. Machaka akagwera masentimita 5 kumanzere, tsaya liyenera kusunthira kumanja mamilimita 3. Tsaya limapita kumene mukufuna machaka apite. Pa sporting ambiri amafuna magawo 60 pamwamba pa kadontho, 40 pansi. Yesani mpope uliwonse paokha, ndipo pamenepo muonanso ngati yonse iwiri ikugunda malo amodzi.

Ngati mungakwanitse, tengani mfuti ya stock yokhala ndi pogonera tsaya posunthika. Mukadzafuna trap mumakweza mamilimita aŵiri kapena atatu, mukabwerera ku sporting mumatsitsa. Lembani miyezoyo penapake ndipo musamaigwiregwire. Chenjezo limodzi: musadulitse thabwa miyezi yoyamba. Kakwezedwe ka mfuti ka woyamba kumene kamasintha sabata ndi sabata. Gwiritsani zowonjezera zovula ndi kuvala mpaka kakwezedwe kakhazikike.

Kambale25 walembanso:

Zikomo kwambiri akuluakulu. Ndayesa, diso lolamulira ndi lamanja, ndiye pamenepo palibe vuto. Mtima wapendekera ku over-and-under, koma yatsopano ya maina mwatchulawo ndalama sizikwana, ndiye ndiyang'ana yogwiritsidwapo kale ntchito. Ndiyang'ane chiyani? Komanso za 20 bore ndi za choke simunandiyankhe.

MmisiriWaZifefe wayankha:

Za 20 bore poyamba. Kukankha kwa mfuti kumachokera pa kulemera kwa machaka, liŵiro lake ndi kulemera kwa mfutiyo, osati kukula kwa boŵo. Mutenge chipolopolo cha magalamu 28 pa liŵiro lofanana: mu 20 bore ya makilogalamu 2.8 mphamvu yofika paphewa imaposa ya mu 12 bore ya makilogalamu 3.6 ndi pafupifupi magawo 30 mwa 100. Ndiye amene akufuna yofeŵa atenge 12 bore yolemera bwino n'kuikamo zipolopolo za magalamu 24 kapena 21. Musaope kuti n'zochepa. Pa Olympic malire ndi magalamu 24 ndipo timbale timasweka pa mamita 35. 20 bore imathandiza munthu amene sangathe kunyamula mfuti yolemera, monga mwana. Kwa wamkulu, 12 bore: zipolopolo zake zimapezeka mosavuta ndipo n'za mitundu yambiri. Ngati pakhomo pangadzakhale zonse ziŵiri, zipolopolo zisasakanikirane m'thumba ngakhale tsiku limodzi. Cha 20 chikaloŵa mu 12 chimatsetserekera m'kati n'kukakamira patsogolo pa chamber, mpata n'kutsala woti cha 12 chiloŵe pambuyo pake, ndipo mukawomba mpope umaphulika pafupi ndi dzanja. N'chifukwa chake za 20 zambiri amazipanga zachikasu.

Pogula yakale, yambani mwatsimikiza kuti ilibe chipolopolo, kenako chotsani thabwa lakutsogolo, chifukwa limabisa kugwedera. Gwirani stock, gwedezani mfuti cham'mbali ndi chokweza: pasamveke kugogoda kulikonse pothyokera. Iyang'anitseni kuwala, pakati pa mipope ndi nkhope ya chitsulo pasaoneke mpata. Onani liva yotsegulira mfuti itatsekedwa. Pa zambiri, yatsopano imakhala chakumanja pang'ono, ndipo chotsekera chikamatha imasunthira pakati. Ikadutsa pakati kupita kumanzere, pali ntchito ya mmisiri. Zimakonzeka, koma mtengo utsike.

Masulani mipope, ipachikeni pachala ndi kuigogoda ndi chikhadabo kapena pensulo. Yabwino imalira ngati belu. Ikamveka "phwa", rib yamatuka penapake ndipo dzimbiri lingakhale litaloŵa pansi pake. Pukutani m'kati n'kusuzumira kumbali zonse ziŵiri: kuwala kuzipanga mizere yozungulira yosapindika. Pamene mzere wapindika pali kuphwanyika kapena kutupa. Tsimikizani poyendetsa zala kunja kwa mpope, makamaka kumbuyo kwa choke. Mpope wotupa usiyeni. Machoke onse amasuke ndi kiyi wake popanda kulimbana nawo. Choke yokakamira ndi dzimbiri imatha kuwonongetsa nsonga ya mpope poichotsa.

Thabwa liyang'aneni pamene lakumana ndi chitsulo ndi pogwira dzanja, kufufuza timing'alu tonga tsitsi. Pamenepo pakada ndi kufeŵa ndiye kuti lamwa mafuta, zimene zimachitika mfuti ikamaimikidwa mipope ili m'mwamba itathiridwa mafuta ambiri. Funsaninso ngati stock inadulidwapo. Ikani zipolopolo zabodza zoyesera, khethemulani mipope yonse iwiri, thyolani: zonse zitumphe nthawi imodzi ndi kugwera pafupi. Mpope wachiŵiri ukakana, musafulumire kunena kuti yafa. Mfuti zambiri trigger yake imadikira kukankha kwa woyamba kuti isamukire ku wachiŵiri, ndiye menyani rabala ya stock ndi chikhatho kapena bwezani sefite n'kuikankhanso. Onaninso nsonga za timisomali tomenya chipolopolo ngati tadyeka.

Pomaliza ŵerengani zolembedwa pansi pa mipope. Chamber ya mamilimita 70 ndi yokwanira zipolopolo zonse za timbale, ya 76 imalandiranso za 70, koma chipolopolo chachitali musachiike m'chamber yaifupi ngakhale chikuloŵa, chifukwa utali wolembedwa ndi wa khoko litatseguka. Ngati bwalo lanu limafuna machaka achitsulo m'malo mwa amtovu, funani chizindikiro cha kaduŵa ka fleur-de-lis chimene chimasonyeza kuti mipope inayesedwa ndi machaka achitsulo amphamvu. Ndipo pemphani kuiwombera zipolopolo 25 musanalipire, mutavala zotchinga makutu ndi magalasi.

MipopeIwiri wayankhanso:

Choke ndi kuthina kwa mpope kunsonga. Pa 12 bore, cylinder ilibe kuthina, skeet ndi pafupifupi mamilimita 0.13, quarter kapena improved cylinder ya ku America 0.25, half kapena modified 0.5, three-quarter 0.75, full 0.9 mpaka 1. Pa mayadi 40, cylinder imaika machaka pafupifupi 40 mwa 100 m'bwalo la mainchesi 30, half 60, full 70. Machoke ambiri ali ndi timizere kunsonga: kamodzi ndi full, titatu half, tinayi quarter, tisanu cylinder kapena skeet, koma tsimikizani m'buku la mfuti yanu.

Pa sporting ikani quarter pansi, half pamwamba, ndipo muziiŵale kwa chaka. Pa skeet, skeet kapena cylinder monse muwiri, ndi machaka a nambala 9, amene mu magalamu 28 amakhalamo oposa 550. Pa trap, half ndi three-quarter poyambira, machaka a 7.5, pafupifupi 350 koma olemera moti amaswa patali. Nambala 8 imagwira sporting yambiri. Oyamba kumene amaphonya ndi mita yathunthu kumbuyo kwa kambale, osati ndi masentimita a choke: kodutsa chopingasa pa mamita 30 kamafuna muwombe pafupifupi mamita aŵiri patsogolo pake.

Musawombe choke itachotsedwa, mazinga amawonongeka. Pakani girisi pang'ono pamazinga, masulani ndi kupukuta mukamatsuka mfuti, ndipo pabwalo muzionako ngati yamasuka, mfuti ili yothyola ndi yopanda kanthu. Yomasuka imalola mpweya kuloŵa kumbuyo kwake n'kuipinda. Machoke sasinthana ngakhale pa kampani imodzi: Mobilchoke ya Beretta siiloŵa m'malo mwa Optima, Invector ya Browning si Invector-Plus. Pogula yakaleyo onetsetsani kuti machoke akubwera nawo ndi a mpope umenewo, komanso kiyi wake alipo. Ndi machaka achitsulo musapitirire half pokhapokha choke yalembedwa kuti imalola.